M'mene Boma la State ya New York Limagawira Nchito Zake m'Madipatimenti ndi m'Mabungwe

State ya New York, imene iri imodzi mwa ma state 50 a dziko la United States of America, iri ndi anthu pafupi-fupi ofanana ndi a dziko lonse la Zambia. Kuwerenga anthu kwa mu 2020 kunapeza anthu 20.2 miliyoni kumeneko, pamene kuwerenga kwa mu 2022 kunapeza anthu opitirira 19.6 miliyoni muno mu Zambia.

Ngakhale kuti anthu ndi oculuka cotere, lamulo lalikulu la state imeneyi sililola boma lake kukhala ndi madipatimenti opitirira 20. Malire amenewa anavomerezedwa ndi anthu pa masankho a mu 1925, ndipo colinga cake cinali kuyankha funso limodzi limene limavuta maboma onse: zinthu zikalakwika, kodi ndani ayenera kuyankha mlandu pamaso pa anthu?

State isiyana ndi cigawo

Coyamba cofunika kumvetsetsa ndi cakuti state ya ku America siifanana ndi cigawo ca muno mu Zambia. Zambia iri ndi zigawo 10. Nduna ya cigawo imasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko, ndipo cigawo ciribe nyumba yake-yake ya malamulo. Malamulo a dziko lonse amapangidwa ndi aphungu ku Lusaka.

Ku America zinthu siziri tero. State iriyonse iri ndi lamulo lake lalikulu, nyumba yake ya malamulo, makhoti ake, ndiponso mphamvu yokhometsa misonkho. Mtsogoleri wake, amene amachedwa bwanamkubwa, amasankhidwa ndi anthu a m'state momwemo, ndipo Mtsogoleri wa dziko wokhala ku Washington alibe mphamvu yomucotsa pa mpando. Ndime imene inaonjezedwa ku lamulo lalikulu la America mu 1791 inakhazikitsa mfundo yakuti mphamvu zonse zimene sizinaperekedwe ku boma la ku Washington zimatsala m'manja mwa ma state kapena mwa anthu eni ake.

Motero boma la ku Washington limayang'anira nkhani monga za nkhondo, ubale ndi maiko ena ndi kusindikiza ndalama. Zambiri zimene munthu amakumana nazo tsiku ndi tsiku, monga masukulu, ziphaso zoyendetsera galimoto, malamulo a ukwati, ziphaso za madokotala ndi anamwino, ndi milandu yambiri ya kuba ndi kupha, ziri m'manja mwa state.

Ndi bwinonso kusiyanitsa state ya New York ndi mzinda wa New York. Mzinda wochukawo uli ndi meya wake, koma likulu la state liri ku Albany, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 240 kumpoto kwa mzindawo. Kumeneko ndiko kuli nyumba ya malamulo ya mbali ziwiri: Senate ya aphungu 63 ndi Assembly ya aphungu 150.

Cisokonezo ca maofesi 187

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma la New York linali litakula mopanda dongosolo. Vuto likabuka, aphungu anali kukhazikitsa kabungwe katsopano kuti kalithetse, koma tumabungwe twakale situnali kuthetsedwa. Komiti imene bwanamkubwa Alfred E. Smith anakhazikitsa mu 1919 inawerenga maofesi, makomiti ndi mabungwe a boma okwana 187.

Ambiri mwa iwo anali kugwira nchito zofanana. Akulu-akulu ena anali kusankhidwa ndi aphungu, ena ndi anthu pa masankho, ndipo ena ndi bwanamkubwa. Pa nthawiyo bwanamkubwa anali kukhala pa mpando zaka ziwiri cabe, kotero anali kupeza maofesi ambiri ali m'manja mwa anthu oikidwa ndi amene analipo iye asanabwere, ndipo ambiri a iwo sakanatha kuwacotsa. Anthu anali kudzudzula bwanamkubwa pa zinthu zimene analibe nazo mphamvu, pamene olakwa eni-eni sanali kudziwika.

Komitiyo inapereka maganizo atatu akulu-akulu. Oyamba anali akuti maofesi onse aphatikizidwe m'madipatimenti owerengeka. Aciwiri anali akuti maudindo osankhidwa ndi anthu acepe, kuti oponya voti azidziwa bwino amene akuwasankha. Acitatu anali akuti bwanamkubwa ndiye azikonza bajeti ya boma lonse.

New York sinali yoyamba kuyenda njira imeneyi. State ya Illinois inali itaphatikiza kale maofesi ake opitirira 100 m'madipatimenti 9 mu 1917, pansi pa bwanamkubwa Frank Lowden. Ku New York nkhondo yake inatenga zaka zingapo, pakuti aphungu ambiri sanafune kutaya mphamvu zao. A Smith anagonja pa masankho a mu 1920, nabwerera pa mpando mu 1923, napitiriza kulimbikitsa maganizowo. Anthu atavomereza kusintha kwa lamulo lalikulu mu 1925, komiti yotsogoleredwa ndi a Charles Evans Hughes inakonza malamulo atsatane-tsatane, ndipo dongosolo latsopano linayamba kugwira nchito mu January 1927.

M'mene dipatimenti imayendera

Madipatimenti a New York amagawidwa molingana ndi nchito. Pali dipatimenti ya zaumoyo, ya maphunziro, ya zamtenga-tenga, ya ulimi ndi misika, ya anchito, ya misonkho ndi cuma, ya magalimoto, ya ndende, ya zacilengedwe, ndi ena otero.

Mkulu wa dipatimenti kawiri-kawiri amachedwa commissioner. Amasankhidwa ndi bwanamkubwa, koma Senate iyenera kumuvomereza asanakhazikike pa udindo. Apa pali kusiyana kwina ndi Zambia. Muno nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu a Nyumba ya Malamulo, pamene ku New York mkulu wa dipatimenti sakhala phungu. Aphungu amamuitana kudzayankha mafunso ku makomiti ao, koma iye sakhala nao m'nyumbamo ndipo saponya voti pa malamulo.

Pansi pa mkuluyo pali aciwiri ake, ndipo dipatimenti imagawidwanso m'nthambi zikulu-zikulu, nthambizo nazonso m'maofesi ang'ono-ang'ono. Madipatimenti ambiri ali ndi maofesi a m'madera. Ya zamtenga-tenga inagawa state m'madera 11, pamene ya zacilengedwe, imene inakhazikitsidwa mu 1970, inaigawa m'madera 9.

Popeza malire a 20 sangapyoledwe popanda kusintha lamulo lalikulu, boma likafuna kusintha kayendetsedwe ka zinthu limaphatikiza madipatimenti amene alipo. Mu 2011 dipatimenti yoyang'anira mabanki ndi yoyang'anira makampani a inshuwalansi zinaphatikizidwa kukhala Department of Financial Services. M'caka comweco, ofesi yoyang'anira akaidi omasulidwa nthawi yao isanathe inaphatikizidwa ndi dipatimenti ya ndende.

Thumba lalikulu la bwanamkubwa

Komabe lamulo la madipatimenti 20 liri ndi khomo lakumbuyo. Imodzi mwa madipatimentiwo, yochedwa Executive Department, iri pansi pa bwanamkubwa mwini, ndipo m'kupita kwa zaka yasanduka thumba loikamo ciriconse cimene ciribe malo kwina. M'menemo muli apolisi a state, amene anakhazikitsidwa mu 1917, ofesi ya bajeti, ofesi yogula katundu ndi kusamalira nyumba za boma, ofesi ya malo osungira zacilengedwe ndi zakale, ofesi ya ngozi zadzidzidzi, ndi ofesi ya ufulu wa anthu.

Ena mwa maofesi amenewa ndi akulu kuposa madipatimenti eni-eni, koma pa pepala amawerengedwa ngati nthambi cabe za dipatimenti imodzi. Madipatimenti enanso ali ndi dzina limodzi koma m'kati mwake muli maofesi oima paokha. Ya matenda a maganizo iri ndi maofesi atatu, aliyonse ndi mkulu wake: yoona za odwala maganizo, yoona za anthu obadwa ndi ulemali wa kakulidwe, ndi yothandiza ogwidwa ndi cizolowezi ca mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Conco ciwerengero ca 20 cimasungidwa, koma maofesi oima paokha ndi oculuka kwambiri kuposa pamenepo.

Atatu amene bwanamkubwa sawasankha

Okonza dongosolo la mu 1927 anapatsa bwanamkubwa mphamvu zambiri, koma sanaiwale kuti mutu umodzi susenza denga. Madipatimenti atatu anasiyidwa kunja kwa ulamuliro wake.

Yoyamba ndi yofufuza ndi kulondera ndalama za boma, imene mkulu wake amachedwa Comptroller. Iyeyu amasankhidwa ndi anthu pa masankho. Amafufuza mabuku a ndalama a madipatimenti ndi a makhonsolo, amapenda mapangano akulu-akulu a boma ndi makampani, ndipo ndiye yekha wosunga thumba la penshoni la anchito a boma, limene anthu opitirira miliyoni imodzi amalidalira. Mu Zambia nchito yofufuza mabuku a boma iri m'manja mwa Auditor General, amene amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko ndi kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Yaciwiri ndi dipatimenti ya zamalamulo, yotsogoleredwa ndi loya wamkulu wa state, Attorney General, amenenso amasankhidwa ndi anthu. Kufunika kwa kuima paokha kwa ofesi imeneyi kunaoneka mu 2021. Pa 3 August, ofesi ya Mai Letitia James inatulutsa zotsatira za kafuku-fuku zonena kuti bwanamkubwa Andrew Cuomo anacita zosayenera kwa akazi 11. A Cuomo anakana kuti sanalakwe, koma patapita sabata imodzi analengeza kuti atula pansi udindo. Onse awiri anali a cipani cimodzi ca Democratic, koma bwanamkubwa analibe mphamvu yocotsa loya wamkuluyo pa nchito. Pa 24 August, waciwiri wake, Mai Kathy Hochul, anakhala mkazi woyamba kukhala bwanamkubwa wa New York.

Yacitatu ndi dipatimenti ya maphunziro. Iyi imayang'aniridwa ndi kabungwe kochedwa Board of Regents, kamene kanayamba mu 1784. Mamembala ake 17 amasankhidwa ndi aphungu kwa zaka zisanu, ndipo iwo ndiwo amasankha mkulu wa maphunziro. Bwanamkubwa ali ndi mau pa ndalama zopita ku masukulu, koma osati pa munthu wowatsogolera.

Kusankhidwa ndi anthu sikutanthauza kuti mlonda sangalakwe. Comptroller Alan Hevesi anatula pansi udindo mu December 2006 atavomera mlandu wogwiritsa nchito wanchito wa boma monga woyendetsa galimoto ya mkazi wake. Mu 2010 anavomeranso mlandu wa ziphuphu zokhudza thumba la penshoni, ndipo anapita kundende mu 2011.

Bajeti ndiyo cingwe

Cimene cimamanga madipatimenti onse pamodzi ndi bajeti. Kusintha kwa lamulo lalikulu kwa mu 1927 kunapatsa bwanamkubwa udindo wokonza bajeti ya boma lonse, ndipo yoyamba ya mtundu umenewu inaperekedwa mu 1929 ndi a Franklin D. Roosevelt, amene pambuyo pake anakhala Mtsogoleri wa America.

Caka ndi caka, madipatimenti amatumiza zofuna zao ku ofesi ya bajeti. Bwanamkubwa amapereka bajeti yonse kwa aphungu kuciyambi kwa caka, ndipo caka ca cuma cimayamba pa 1 April. Aphungu angathe kucepetsa kapena kufafaniza ndalama zimene wapempha, ndipo angathenso kuonjeza zao, koma zoonjezazo bwanamkubwa angathe kuzikana imodzi-imodzi. Kuti agonjetse kukana kwake, pafunika mbali ziwiri mwa zitatu za aphungu m'nyumba iriyonse.

Ndalama zake si zazing'ono: bajeti ya caka ca 2024 mpaka 2025 inapyola madola 230 biliyoni. Mikangano nayonso imakhala yaikulu. Kucokera mu 1985 mpaka 2004, bajeti inacedwa zaka 20 zotsatizana. Mu 1998 kunapangidwa lamulo lakuti malipiro a aphungu aziimitsidwa kufikira bajeti itavomerezedwa.

Mabungwe oima pambali

Kunja kwa madipatimenti kuli gulu lina la mabungwe a boma ochedwa public authorities. Awa amakhazikitsidwa ndi lamulo kuti agwire nchito imodzi yapadera, monga kuyendetsa milatho, miseu ikulu-ikulu, magetsi kapena sitima. Ali ndi makomiti ao owayang'anira, amapeza ndalama zambiri kwa anthu olipira pogwiritsa nchito zinthuzo, ndipo amaloledwa kutenga nkhongole m'dzina lao.

Lakale ndi lochuka ndi Port Authority of New York and New Jersey, limene linakhazikitsidwa mu 1921 ndi ma state awiri oyandikana. Bwanamkubwa aliyense amasankha mamembala 6 a komiti yake, ndipo bungwelo limayendetsa mabwalo a ndege a John F. Kennedy, LaGuardia ndi Newark, pamodzi ndi madoko ndi milatho ingapo. Kakonzedwe kake kafanana ndi ka Zambezi River Authority, imene Zambia ndi Zimbabwe zimayendetsera pamodzi damu la Kariba. Mabungwe ena ndi New York Power Authority, la magetsi, la mu 1931, ndi Thruway Authority, la mseu waukulu wolipiritsa, la mu 1950.

Cifukwa cimodzi cimene mabungwewa anaculukira ndi nkhani ya nkhongole. Kucokera mu 1846, lamulo lalikulu la New York limafuna kuti boma lisanatenge nkhongole yaikulu ya nthawi yaitali, liyambe lafunsa anthu kupyolera m'voti. Mabungwe oima pambali samangidwa ndi lamulo limeneli. Motero atsogoleri anapeza njira: bungwe limakongola, ndipo boma limalipatsa ndalama caka ndi caka zobwezera nkhongoleyo. Lero gawo lalikulu kwambiri la nkhongole zimene okhoma msonkho a New York amalipira linatengedwa mwa njira imeneyi, popanda voti yao.

Kuopsa kwake kunaoneka mu February 1975, pamene Urban Development Corporation, bungwe lomanga nyumba lokhazikitsidwa mu 1968, linalephera kubweza nkhongole yoposa madola 100 miliyoni. Boma la state linakakamizika kulipulumutsa ndi ndalama za anthu.

Vuto lina ndi lomwe lija la mu 1919, lakusadziwa woyankha mlandu. Metropolitan Transportation Authority, kapena kuti MTA, imayendetsa mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka za mzinda wa New York. Wapampando wake amasankhidwa ndi bwanamkubwa, mamembala ena amachulidwa ndi meya wa mzinda ndi akulu a madera ozungulira, ndipo njanji za pansizo mwini wake pa lamulo ndi mzinda, umene unazibwereketsa ku bungwelo. Mu 2017 sitima zitayamba kucedwa ndi kuonongeka kawiri-kawiri, bwanamkubwa Cuomo ndi meya Bill de Blasio anakhala miyezi akulozana zala pa za amene ayenera kulipira zokonzetsera, pamene apaulendo anali kudikira pa masiteshoni.

Pofuna kucepetsa mavuto otere, aphungu anapanga malamulo mu 2005 ndi mu 2009 okakamiza mabungwewa kuulula za ndalama zao, ndipo anakhazikitsa ofesi yoima payokha yowalondera, yochedwa Authorities Budget Office.

Anchito ndi maboma ang'ono

Bwanamkubwa akasintha, akulu a madipatimenti ambiri amasintha naye, koma unyinji wa anchito umatsala. New York inali state yoyamba kupanga lamulo lakuti anchito a boma azilembedwa mwa mayeso, mu 1883, ndipo mmodzi mwa aphungu amene analilimbikitsa anali a Theodore Roosevelt. Lamuloli lisanabwere, cipani copambana masankho cinali kugawira nchito otsatira ake. Mu 1894 mfundo yolemba anchito molingana ndi luso ndi kuyenera kwao inalowa m'lamulo lalikulu la state.

Nchito zambiri za state sizigwiridwa ndi anchito a ku Albany. State inagawidwa m'maboma ang'ono 62 ochedwa county. Thandizo la osauka, mwa citsanzo, limaperekedwa ndi maofesi a ma county ndi a mzinda wa New York, pamene state imaika malamulo ndi kuyang'anira. Masukulu nawonso ali m'manja mwa makomiti a m'madera pafupi-fupi 700, ndipo m'madera ambiri anthu amaponya voti pa bajeti ya masukulu ao mwezi wa May.

State iriyonse ndi njira yake

Dongosolo la New York si la America yense. State yoyandikana nayo ya New Jersey irinso ndi malire a madipatimenti 20, koma kumeneko loya wamkulu amasankhidwa ndi bwanamkubwa. Ku Texas mphamvu zinagawidwa dala pakati pa anthu ambiri: waciwiri kwa bwanamkubwa, loya wamkulu, wolondera ndalama, mkulu wa malo ndi mkulu wa ulimi, onse amasankhidwa ndi anthu aliyense payekha. Kulinso Railroad Commission ya mamembala atatu osankhidwa ndi anthu, imene inayamba mu 1891 kuti iyang'anire njanji. Dzina lidakali lomwelo, koma nchito yake tsopano ndi kuyang'anira migodi ya mafuta ndi gasi.

Njira iriyonse iri ndi mtengo wake. Mphamvu zikaunjikidwa pa munthu mmodzi, woyankha mlandu amadziwika, koma womuletsa amacepa. Zikagawidwa kwa ambiri, oletsana amaculuka, koma mlandu umasowa mwini.

Zimene zikhudza Zambia

Zambia si dziko la ma state, koma mafunso amenewa si acilendo muno. Lamulo lalikulu la dziko limapatsa Mtsogoleri mphamvu yokhazikitsa, kuphatikiza ndi kuthetsa maunduna, malinga Nyumba ya Malamulo itavomereza. Ndi mwa njira imeneyi m'mene mu 2021 munakhazikitsidwira maunduna atsopano, monga unduna wa malonda ang'ono-ang'ono ndi unduna wa sayansi ndi luso lamakono. Pambali pa maunduna palinso mabungwe okhazikitsidwa ndi lamulo, monga Zambia Revenue Authority yotolera misonkho, Road Transport and Safety Agency yoona za pamseu, ndi Food Reserve Agency yogula ndi kusunga cimanga.

Mbiri ya New York ionetsa kuti ciwerengero ca madipatimenti pa cokha sicinena zambiri, pakuti maofesi angathe kubisika m'kati mwa dipatimenti imodzi kapena kuima pambali pake. Wofuna kudziwa m'mene bungwe liri lonse la boma limayendera, kaya ku Albany kaya ku Lusaka, amafunsa zinthu zinai: ndani amasankha mkulu wake, ndani angamucotse, ndalama zake zimacokera kuti, ndipo ndani amafufuza mabuku ake. Pamene mayankho anaiwa ali omveka, mlimi amene sanalipidwe cimanga cake, kapena wapaulendo amene sitima yamucedwetsa, amadziwa khomo loyenera kugogoda.